Utsike pa Benga

Mwana wanga Asiyatu,

Za moyo sindikufunsa, poti ndakuona m'mawa uno ukulimbana ndi chikwama chako chokana kutsekeka chija. Ine ndili bwino, kungoti bondo lomwe lija. Ndikulemba ndili pakhonde. Mpunga ndauyanika pamphasa ndipo nkhuku za a Mwajuma sizikundipatsa mpata, ndiye ukaona mizere ikukhota udziwe kuti ndinadzuka kukaziingitsa. Iwe wapita ku boma kukatsanzikana ndi anzako. Ndikanatha kudikira kuti tilankhule ukabwera, koma ndimakudziwa. Ukangomva dzina la amalume ako umayamba kutsuka mbale zotsuka kale. Kalatayi ndikupatsa mawa pa siteji, ndipo uiwerenge basi isanafike pa Benga. Usaiike m'chikwama kuti ukawerengera m'ndege, chifukwa ukatero ikhala yopanda ntchito.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi, ndipo ndichinene poyera: utsike pa Benga ukatsanzike amalume ako a Binali. Ndege yako ndi ya Lamlungu, mawa ndi Lachisanu, nthawi ilipo. Chifuwa chawo chija sichikusintha, aonda mpaka mkanjo ukuwakhala ngati wobwereka. Zaka zimene ukakhale ku Ulaya sindikudziwa ngati udzawapeze. Ndikuopa, mwana wanga, ndipo sindikubisa.

Unandiuza kuti ukukaphunzira momwe anthu a ku Ulaya amavotera. Tsiku loyamba ndinaseka. Ndinati kuvota n'kopitira kusukulu? Ife tinaphunzira m'mawa umodzi pansi pa mtengo wa mango. Koma chiyambire pamenepo nkhaniyi yandikhala m'mutu, moti wailesi ikatchula Ulaya ndimaletsa ana phokoso. Ine ndinkaganiza kuti kumeneko demokalase ili ngati chinangwa kuno, aliyense anabadwa akuchidziwa, palibe amafunsa kaviikidwe kake. Tsono ndikumva kuti kuli zipani zimene zimati alendo abwerere kwawo, a nyuzipepala atseke pakamwa, oweruza milandu azimvera mtsogoleri, ndipo anthu akumazivotera masanasana popanda wowagwira pakhosi. Ife zoterozo tinkaziwombera m'manja chifukwa pa msika panali ayufi ndi zikwapu. Nanga iwo akuopa chiyani? Kapena sakuopa kanthu, akungofuna? Ndikanakhala ndi mapiko ndikanapita nawe kukadzifunsira ndekha.

Umawadziwa Mayi Eva, mzungu uja wa kaloji kogona alendo ka ku Ngala amene amadzagula mpunga wa faya kwa ine. Kwawo ndi kum'mawa kwa Ulaya, chakomwe ukupitako, ndipo akuti nakonso kunali chipani chimodzi, chinagwa ife tisanagwetse chathu. Tsiku lina ndikuwapimira mpunga ndinati, "Ndiye kuti makolo anu anapuma tsopano." Iwo anaseka, n'kuyankha m'Chichewa chawo chopindika chija kuti, "Bambo anga amafuna chakale. Chisankho chilichonse amavotera munthu wolusa, amene amati alendo achoke." Ndinati, "Nanga sadziwa kuti mwana wawo ndi mlendo kuno?" Anati, "Amadziwa. Amati ine ndi nkhani ina." Ine pakamwa panga paja, ndinati, "Bambo anuwo ndiye kuti mutu sukoka." Nkhope yawo inasintha. Anandiuza kuti bambowo anagwira ntchito pa fakitale imodzi moyo wawo wonse, chipani chitagwa fakitale inatsekedwa, anzawo anabalalika, tauni inatsala ya nkhalamba zokhazokha. Atatero ananyamula thumba lawo, ndipo anatha miyezi akugula mpunga kwa a Mwajuma. Usakabwereze kulakwa kwangako. Usakatche munthu chitsiru chifukwa cha voti yake usanamve zimene zinamuonekera. Komanso ukandifufuzire ngati ali ambiri kumeneko amene amati mwana wanga ndi nkhani ina, chifukwa mawu amenewo amandizunguza mutu mpaka lero.

Nkhani ya emvulopu umaidziwa, poti mumandiseka nayo chaka ndi chaka, koma lero uimve ngati munthu wa sukulu. Pa riferendamu paja anatipatsa timapepala tiwiri, ka nyali ya matipate ndi ka tambala wakuda wa chipani chimodzi, pamodzi ndi emvulopu. Munthu wa pa tebulo analongosola ndithu, koma ine m'makutu simunalowe kanthu. Ndili ndekha m'kachisakasa kaja ndinaganiza monga munthu aliyense wanzeru angaganizire: m'emvulopu timaikamo chinthu chimene tikuchitumiza kutali. Ndiye ndinapinda tambala bwinobwino, ndinamuika mkatimo, ndinamata, n'kunena chamumtima kuti upite bwino, usadzabwerenso. Kapepala kotsala kankayenera kuponyedwa m'bokosi la zotaya, koma ndani amataya nyali? Ndinakamanga pa mfundo ya chitenje n'kubwera nako kunyumba. Ndinafika ndikuvina, chala chili bii ndi inki, n'kuonetsa malemu bambo ako. Iwo anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mayi a Asiyatu, mwavotera tambala." Tsiku limenelo sindinaphike, munadya mbatata zootcha.

Tsono ukakhala ku yunivesite ndi manambala ako, ukaona kuti anthu ochuluka chakuti anavotera munthu wankhanza, ukumbukire kuti pa mulu wa tambala wa kwathu kuno pa Chia panali voti ya mayi ako, amene ankaimba za matipate mpaka mawu kusasa. Sindikuti onse amalakwitsa emvulopu, ambiri amadziwa bwino chimene akuchita. Ndikungoti bokosi limalandira pepala, silifunsa chifukwa. Chifukwacho umachita kuchilondola kunyumba kwa munthu, n'kukhala naye pansi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndiye mboni yake.

Sindikuti mkwiyo wako ndi wopanda mutu. Amalume ako anali tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo ankaima pa chipata cha msika ndi ayufi kufunsa makhadi. Ndili ndi pakati pa iwe anandiimitsa, ine mlongo wawo wa bere limodzi, dengu la nsomba lili pamutu. Anati, "Lako ndaliona. Nanga la ali m'mimbamo?" Ndinayesa nthabwala, koma sanaseke. Ndinagula khadi lachiwiri, ndipo pamene ndinkalowa mumsika nsomba zinali zitayamba kufewa. Iwe unalowa chipani usanaone dzuwa. Pamene ndinalakwa ine ndi kumainena nkhaniyi pamaso pako uli wamng'ono, ndikuithira mchere kuti amayi anzanga aseke. Ine ndinkaseka n'kuiwala, iwe unkasunga. Ndipo sindinkainena pamodzi ndi inzake, yakuti madzi akadzaza n'kutseka njira, ndi amalume ako omwewo amene ankasiya maukonde awo n'kukuwolotsa pa bwato kupita kusukulu, yunifolomu yako ataikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe. Ukamanena za munthu, uzinena nkhani zake zonse, ngakhale zimene zikusokoneza mlandu wako.

Tambala atagwa, anthu anayamba kubweza. Amalume ako sanawamenye ayi, kuno sitinachite zimenezo. Anangosiya kuwaitana. Pa dooko pokocheza mabwato akafika nkhani inkatha, khoka lawo linasowa olikoka, mpaka anasamukira ku Benga kukagulitsa palafini wa m'mabotolo. Ine ndimawaseka kuti munthu wa tambala akudyera nyali, ndipo amangopukusa mutu.

Za pa sadaka ya bambo ako sindikufuna kukukumbutsa, koma ndikukumbutsa. Amalume ako anabwera atavala mkanjo wawo woyera. Amuna anakhala m'magulu kuzungulira mbale zazikulu za mpunga monga mwa mwambo. Iwo atakhala pansi n'kusamba m'manja, amene anali pa mbale imeneyo anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, wina ati akukaona njinga, wina ati dzuwa likumuwomba, n'kukadzipanikiza pa mbale zina. Anatsala okha ndi mpunga wa gulu lonse. Iwe unali pafupi nane kumbali ya amayi, ndipo unanena mokweza kuti, "Adye ndi tambala wawo." Anamva. Anati bisimila, anatapa pang'ono, anasamba, n'kupita osatsanzika. Ine ndinali namfedwa, ndinangoweramitsa mutu. Chiyambire tsikulo iwe ndi iwo simunapatsanepo moni.

Pambuyo pake ndinapita ku Benga, ndipo ulendo woyamba ndinauwononga ndekha. Ndinanyamuka ndi mayankho okhaokha, funso ndinalibe ndi limodzi lomwe. Ndinawapeza akuthira palafini m'mabotolo, n'kuyamba kuwalalikira: onani lero munthu akulankhula za boma m'basi, palibe akufunsa khadi pa chipatala, mkazi akuvala chimene akufuna, inu mukukakamiriranji chinthu chakufa? Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma. Kenaka anati, "Wamaliza, Asha? Ukapereke moni kwa ana." Ndinabwera chimanjamanja, ndili ndi mayankho anga omwe aja. Ichi uchigwire bwino, chifukwa iwe wandiposa kulalikira. Munthu ukamufikira ndi chiweruzo amakutsekera chitseko mwaulemu, ndipo umapita ukuganiza kuti wapambana.

Ulendo wachiwiri ndinangokhala pa mphasa n'kumawathandiza kutsuka mabotolo. Patapita nthawi ndinati, "Achimwene, ine sindikumvetsa, ndithandizeni. Chisankho chapitachi mwavoteranso komwe kuja. Chifukwa chiyani?" Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuwatchera msampha. Kenaka anati, "Iwe umapita pa dooko. Chambo chimene ukugula lero n'chofanana ndi chimene amayi ankawamba? Kale tikati mwezi uno nsomba zikuswa, khoka lisalowe m'madzi, silinkalowa. Lero ukamuletsa mwana amati ndi demokalase, akukokolola kasawala, tiana ta chambo, ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Chia akutha ine ndikuona." Pamenepo sindikanawatsutsa, chifukwa dengu langa limandiuza zomwezo.

Koma sindinawasiye. Ndinati, "Nsomba munkazisunga, nanga anthu? A Sitima aja anakana khadi chifukwa cha chipembedzo chawo, galimoto inadzawatenga. Anabwerako?" Anaika botolo pansi. Anati, "Amenewo ndimawalota." Ndinati, "Tsono bwanji osasiya?" Anati, "Ndikasiya, ndiye kuti zaka zonse zija ndinali chiyani?"

Ndinabwerera m'matola ndikuzitembenuza m'mutu. Munthu mmodzi, voti imodzi, koma mkatimo muli chisoni cha nsomba, muli manyazi, mulinso kusowa poima. Kapepala kamodzi kangasenze bwanji zonsezi? Ndiye ndinakumbuka bambo a Mayi Eva ndi fakitale yawo, ndipo ndinadabwa kuti nkhalamba ziwiri zimene sizidzaonana, ina pa chipale chofewa ina pa mchenga, zingathe kumvana popanda womasulira. Ukandionere ngati ndi zoona. Mwina ndikungofanizira zinthu zosafanana, poti Ulaya ndimamudziwira pa wailesi.

Usaganize kuti mayi ako wabwerera kwa tambala. Ine sindidzamuvoteranso, ngakhale molakwitsa. Walira mvula walira matope, ndipo matope a matipate ndikuwaponda tsiku ndi tsiku: mitengo ya zinthu, akuba, andale obwera ndi nsalu n'kusowa chisankho chikatha. Komabe ndimagona osamvetsera kulira kwa galimoto yodzatenga anthu. Kumvetsa munthu sikuvomereza zimene anachita. Ukhoza kuwauza amalume ako kuti analakwa, ndipo analakwadi. Koma uwauze uli pa mphasa yawo, osati kudzera kumbali ya amayi.

Kumene ukupitako mlendo ukakhala iwe. Ena akakuyang'ana khungu ndi mpango wako n'kukusandutsa nkhani ya pa chisankho. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa kuzizira. Ukaona gulu la anyamata ofuula, usati ndine wofufuza, thawa, mafunso udzafunsa tsiku lina. Koma wogulitsa buledi, mayi wokubwereketsa chipinda, nkhalamba ya pa benchi, amenewo ena mwa iwo amavotera oti uchoke, ndipo ndi amene sukulu yako ikukutuma kukawamvetsa. Tsono ndikufunse, Asiyatu. Ngati ukulephera kukhala pansi ndi munthu amene ankakuwolotsa pa bwato, mzungu amene sakukufuna ukamufunsa bwanji? Ukabwera ndi digiri ya anthu amene umagwirizana nawo okhaokha, ndipo imeneyo ukanaipeza pa khonde pano.

Ukandilembere, ndipo usakangolemba za nyengo. Ndikufuna kudziwa ngati nawonso amaviika chala mu inki. Ngati andale awo amagawa nsalu, kapena amagawa chiyani. Ngati amayi amavinira atsogoleri. Ngati amavotera munthu chifukwa ndi wa kwawo, monga tayambira ife kuwerengana zigawo. Mayi Eva akuti ambiri tsiku lovota amangokhala kunyumba popanda wowaletsa, ndipo ine amene ndinaima pa mzere ndi bondo lotupa ndikulephera kukhulupirira. Chinthu chimene ife tinachilirira, iwo chinawakwana liti? Kodi ifenso chidzatikwana? Swala, mapemphero athu aja, usakaisiye, juzi lija uzikavala ngakhale likukuyabwa, ndipo ukakwiya uzikayamba wamwa madzi usanayankhe.

Sabata yatha ndinapitanso ku Benga kukawauza amalume ako kuti ukunyamuka. Iwo ndiye mwini mbumba, sindikanawabisira. Anasangalala mpaka kutsokomola, anaitana mnzawo wogulitsa matayala n'kumuuza kuti, "Mbumba yanga ikukwera ndege." Sanafunse ngati ubwera, ndipo ine sindinalonjeze. Nditawauza zimene ukukaphunzira anati, "Zabwino zimenezo. Azungu anayamba kale zovotazi, ayenera kuti akudziwa. Ukamuuze mwanayo akandifunsire chinthu chimodzi. Kumeneko munthu amene waluza chisankho amadya ndi ndani?"

Pakhonde pawo panali kambale kamodzi ndi kapu imodzi, zotsukidwa, zovundikira pa thandala. Ndinalira njira yonse mpaka pa Chia, anthu m'matola ankayesa kuti ndikuchokera ku maliro.

Funso limenelo usapite nalo ku Ulaya lisanayankhidwe kuno. M'kathumba kobiriwira kamene ndikupatse pamodzi ndi kalatayi muli mpunga wa faya ndi chambo chowamba, chachikulu chimene ndinatha kupeza. Si kamba wa paulendo. Nyumba yawo ili kuseri kwa msika, uona mabotolo a palafini pakhonde, ndipo akatuluka ku mzikiti, ku swala ya Ijumaa, amabwerera komweko. Ukaphike, ukaike m'mbale imodzi. Ndikudziwa kuti mwana wamkazi sadya mbale imodzi ndi amalume ake, koma mawa lokha mwambo upume. Za ndale ukakangane nawo mmene ungafunire, za khadi lija ukawafunse ngati ukufuna, bola dzanja lako likhale m'mbalemo. Mabasi opita ku Salima ndi ambiri, ukwera ya madzulo.

Mulungu akutsogolere pa msewu, m'mwamba ndi kwa eni. Tsopano kweza maso uone pamene mwafika. Kondakitala akati Benga, imirira.

Ndine mayi ako,
Asha